Wa mankhwala ozunguza bongo akagwidwa: dotolo amatani m'chitokosi?

Apolisi akanjata munthu amene wasuta, wamwa kapena wadzibaya mankhwala ozunguza bongo, ambirife timangoti zake zada, akaone polekera. Chimene timakambirana ndi mlandu, belo ndi tsiku lokaonekera kubwalo. Za usiku woyamba m'chitokosi, owerengeka okha ndiwo amaziganizira.

Komatu kwa madotolo, usiku umenewu ndiwo woopsa kwambiri. Munthu angathe kulowa akuyenda yekha, akulalata, koma pofika mbandakucha n'kumupeza atatsirizika. Nthawi zina chomupha ndi mankhwala amene adagwiritsa ntchito asadagwidwe. Nthawi zina ndi kusowa kwa mankhwalawo, thupi litawazolowera kale.

Ku England ndi Wales, komwe kulinso abale athu ambiri amene adapita kusukulu ndi kuntchito, nkhaniyi adaiikira malamulo. Ngakhale zili choncho, imfa sizidatheretu. Bungwe la IOPC, lomwe limafufuza madandaulo okhudza apolisi, lidalengeza kuti m'chaka cha 2023/24 anthu 24 adafera m'manja mwa apolisi kapena atangochokamo, ndipo ambiri mwa iwo nkhani zawo zimakhudzana ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Dotolo wa kupolisi ndani?

Lamulo lalikulu lotsogolera apolisi m'dzikomo pa nkhani yosunga anthu lidakhazikitsidwa mu 1984 ndipo amalitchula mwachidule kuti PACE. Limati munthu asasungidwe maola oposa 24 asadauzidwe mlandu wake. Mlandu ukakhala waukulu, mkulu wa apolisi angathe kuwonjezera nthawiyo kufika maola 36, ndipo bwalo la majisitireti lingawonjezere mpaka maola 96.

Pa polisi iliyonse yosungira anthu pamakhala sajeni woyang'anira zitokosi. Iyeyu saloledwa kufufuza nawo mlanduwo. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti wogwidwayo akusungidwa motsata lamulo ndipo moyo wake uli bwino. Munthu akangofika amamufunsa ngati ali ndi matenda, ngati akumwa mankhwala a kuchipatala, ngati wamwa mowa kapena zozunguza bongo, komanso ngati adayesapo kudzivulaza. Akakayika, kapena wogwidwayo akapempha yekha, sajeniyo amaitana wachipatala.

Kale ntchito imeneyi idali ya madotolo okhaokha, omwe adayambitsa bungwe lawo mu 1951. Masiku ano anamwino ndi azachipatala a mu ambulansi ophunzitsidwa mwapadera ndiwo amagwira gawo lalikulu la ntchitoyi. Mu 2006 kudabadwa bungwe la Faculty of Forensic and Legal Medicine, lomwe limaphunzitsa ndi kutsogolera anthu amenewa. Bungweli pamodzi ndi la madotolo a matenda a m'maganizo la Royal College of Psychiatrists lidalemba ndondomeko ya kasamalidwe ka anthu a mankhwala ozunguza bongo ali m'chitokosi.

Mafunso amene wachipatalayo amayenera kuyankha ndi awiri. Loyamba: kodi munthuyu angasungidwe pano, kapena malo ake ndi kuchipatala? Lachiwiri: kodi mutu wake uli bwino moti angafunsidwe za mlandu?

Mkonono si umboni wa tulo tabwino

Lamulo limati aliyense wosungidwa azizondedwa kamodzi pa ola. Koma amene akuoneka kuti waledzera mowa kapena mankhwala, azidzutsidwa mphindi 30 zilizonse. Kusuzumira pa kazenera sikukwanira. Wapolisi alowe, amuitane dzina, amugwedeze pang'ono. Amufunse dzina lake, kumene amakhala ndi kumene akuganiza kuti ali. Amuuze atsegule maso, akweze mkono umodzi, kenaka winawo. Akalephera chimodzi mwa zimenezi, paitanidwe wachipatala kapena ambulansi.

Chifukwa chake n'chakuti pali matenda angapo amene amafanana ndi kuledzera: kutsika kwa shuga m'magazi, khunyu, sitiroko ndi kuvulala m'mutu. Fungo la mowa limapusitsa. Munthu amene wamwa n'kugwa, magazi angathe kumatuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, iye n'kumaliza mkonono, oyang'anira n'kumati asiyeni agone, mowa uthe.

Anthu a m'dzikomo sadaiwale nkhani ya Christopher Alder, msilikali wakale wa zaka 37 yemwe adafera pansi pa polisi ina mumzinda wa Hull mu April 1998. Nkhani yake siidali ya mankhwala ozunguza bongo. Adali atamenyedwa m'mutu usiku womwewo. Adamusiya chafufumimba, akupuma movutikira, apolisi akuti akungonamizira. Mu 2000 bwalo lofufuza za imfa lidagamula kuti adaphedwa mosemphana ndi lamulo, ndipo mu 2011 boma lidapepesa kubanja lake. Phunziro lake ndi limene madotolo amabwereza kawirikawiri: osathamangira kunena kuti munthu akunamizira.

Mankhwala akachuluka m'thupi

Mankhwala a mtundu wa heroin amachedwetsa kapumidwe. Akachuluka, munthu amawodzera, timwana ta maso timachepa ngati nsonga ya singano, mpweya umatuluka patalipatali, milomo n'kusintha mtundu. Akaphatikiza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa ngati diazepam, ngozi imakula kwambiri.

Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amachotsa mphamvu ya heroin m'mphindi zochepa. Amaperekedwa pa jekeseni kapena popopera m'mphuno. Kuyambira mu 2015 malamulo a ku Britain adalola kuti mabungwe othandiza anthu a vutoli azigawa naloxone popanda kalata ya dotolo, ndipo mu 2022 apolisi a ku Scotland adaganiza zoti apolisi awo m'dziko lonselo aziyenda naye.

Koma naloxone ali ndi msampha wake. Mphamvu yake imatha msanga, kawirikawiri pasanathe ola limodzi ndi theka, pamene mankhwala ena monga methadone amakhala m'thupi tsiku lathunthu kapena kupitirira. Munthu amatha kudzuka, n'kuyankhula bwinobwino, koma patapita kanthawi n'kukomokanso. N'chifukwa chake wopatsidwa naloxone samubwezera m'chitokosi, amapita naye kuchipatala.

Cocaine amachita zosiyana. Mtima umathamanga, thupi limatentha, ena amamva kupweteka pachifuwa, ena amalusa ndi mphamvu zodabwitsa osamva za munthu. Madotolo amati munthu wotere ndi wodwala mwakayakaya, osati wamwano chabe. Kumupanikiza pansi chafufumimba kwa nthawi yaitali kungaimitse mtima wake. Chofunika ndi kumukhazika mtima pansi, kumuziziritsa thupi ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Palinso ena amene akaona apolisi amameza timapaketi ta mankhwala pofuna kubisa umboni. Timapaketi totere timakhala tomangidwa mwachangu ndipo tingathe kuphulikira m'mimba. Aliyense woganiziridwa kuti wameza, malo ake ndi kuchipatala, ngakhale akuoneka wathanzi. Lamulo la mu 2005 lidapatsa apolisi mphamvu yopempha kuti munthu wotere amuunike ndi makina, koma pokhapokha mwini wake atavomera molemba.

Chibaba chikafika

Vuto lachiwiri limayamba mankhwala akamatha m'thupi. Kwa wozolowera heroin, zizindikiro zimayamba patapita maola 6 mpaka 12 chimugwiritsireni ntchito komaliza, n'kufika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Amayasamula kosalekeza, misozi ndi mamina zili chuchuchu, thukuta lili kamukamu, khungu lachita tsembwe. Timwana ta maso timakula, mafupa amaphwanya, m'mimba mumapota, amasanza ndi kutsekula.

Dotolo sadalira mawu okha. Amadziwa kuti ena amakokomeza kuti apatsidwe mankhwala, pamene ena amabisa poopa kuwonjezera mlandu. Choncho amayeza kagundidwe ka mtima, kuthamanga kwa magazi ndi kutentha kwa thupi, amayang'ana maso ndi zipsera za jekeseni, kenaka n'kubwereranso patapita maola angapo kuti aone kusintha.

Munthu amene akadali woledzera sapatsidwa mankhwala ogonetsa kapena a mtundu wa heroin, ngakhale alire motani, chifukwa kutero n'kuthira palafini pamoto. Zizindikiro za chibaba zikaoneka, amamupatsa zoletsa kusanza, zoletsa kutsekula m'mimba monga loperamide, zopha ululu ndi madzi akumwa okwanira. Zikakula, madotolo ambiri a kupolisi amapereka dihydrocodeine, mankhwala a mtundu womwewo koma ofookerapo, ongomufikitsa tsiku lokaonekera kubwalo. M'chitokosi si malo osiyitsira munthu mankhwala. Masiku ake ndi ochepa.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chibaba cha heroin sichipha. Nthawi zambiri sichiphadi, koma kusanza ndi kutsekula kosalekeza kumatha madzi m'thupi. Mu December 1998 mayi wina wozolowera heroin, Judith McGlinchey, adalamulidwa kukakhala kundende miyezi inayi pa mlandu wakuba. Kundende ya New Hall adasanza kwa masiku angapo, adaonda kwambiri, mpaka adakomoka. Adamwalirira m'chipatala mu January 1999. Mu 2003 bwalo la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya, lomwe lili ku Strasbourg, lidagamula kuti boma la Britain lidamusunga mopanda umunthu posamupatsa chisamaliro choyenera. Zidachitikira kundende, koma chigamulocho chimakhudza aliyense wosunga munthu mnzake mokakamiza.

Mayi woyembekezera amasamalidwa mwapadera. Kusiya heroin mwadzidzidzi kungachititse kuti apite padera kapena abereke masiku asadakwane, choncho dotolo amaonetsetsa kuti chithandizo chake chisadukize, ndipo pakakhala chikayiko amamutumiza kuchipatala.

Safunsa adadya phula

Anthu ambiri ofuna kusiya heroin m'dzikomo amalandira methadone kapena buprenorphine tsiku ndi tsiku kuchokera kwa ogulitsa mankhwala ovomerezeka. Munthu wotere akagwidwa, ndi bwino chithandizo chake chipitirire. Koma dotolo sangopereka chifukwa choti wogwidwayo watchula mlingo. Amayamba waimbira foni kumalo kumene amalandirirako mankhwalawo kuti amve mlingo weniweni ndi tsiku limene adamwa komaliza.

Apa pagona moyo. Mlingo umene wozolowera amamwa n'kumayenda bwinobwino ungathe kupha munthu wosazolowera. Ndipo wozolowerayo akadumphitsa masiku atatu, thupi limayamba kuiwala, moti mlingo wake wakale umasanduka poizoni. Buprenorphine naye akaperekedwa heroin asadathe m'thupi, amadzutsa chibaba choopsa nthawi yomweyo.

Lamulo silimulola wapolisi kupereka mankhwala amphamvu ngati methadone, ngakhale kuyang'anira kamwedwe kake. Wogwidwayo amamwa pamaso pa dotolo kapena wachipatala wina. Zimenezi zimatetezanso kuti asawabise m'kamwa n'kukapatsa mnzake.

Mowa ndiwo woopsa koposa

Chodabwitsa ambiri n'chakuti chibaba chimene madotolo amachiopa kwambiri si cha heroin, koma cha mowa. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi, pakatha maola 6 mpaka 24 manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga. M'masiku awiri oyamba angathe kugwa ngati wakhunyu. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, amaona tizilombo pakhoma, thupi limatentha, ndipo popanda chithandizo ena amamwalira.

Izi si matsire wamba. Dotolo amapereka chlordiazepoxide kapena diazepam pa mlingo woyezedwa bwino kuti aletse kugwako, ndipo amene wafika posokonezeka amamutumiza kuchipatala, komwe amakalandiranso vitamini B1 woteteza ubongo. Ozolowera mapiritsi ogonetsa nawonso angathe kugwa chimodzimodzi akawasiya mwadzidzidzi.

Kuvomera mlandu pofuna kutuluka

Funso lachiwiri lija ndi la chilungamo. Munthu woledzera sangamvetse zimene akufunsidwa. Munthu amene chibaba chamugwira amangofuna chinthu chimodzi: kutuluka. Angathe kuvomera chilichonse poganiza kuti akatero amupatsa belo msanga. Katswiri wa za maganizo Gisli Gudjonsson, yemwe adayamba wagwirapo ntchito ya upolisi kwawo ku Iceland asadakaphunzitse ku London, adathera zaka zambiri akuonetsa momwe anthu ofooka m'maganizo amavomerera milandu imene sadapalamule.

Choncho dotolo amacheza ndi wogwidwayo kuti aone ngati akudziwa kumene ali, chifukwa chimene wagwidwira ndi tanthauzo la mayankho ake. Angathe kulangiza kuti mafunso adikire kaye maola angapo, kuti pazikhala nthawi yopumula, kapena kuti pakhale munthu wamkulu wodziimira payekha womuthandiza kumvetsa zimene zikuchitika. Izi zimathandizanso apolisi, chifukwa bwalo lili ndi mphamvu yokana umboni umene udapezedwa m'njira yokayikitsa.

Wa apolisi kapena wa wodwala?

Ntchito imeneyi ili ndi minga yake. Amene waitana dotolo ndi apolisi, koma amene ali patsogolo pake ndi wodwala. Malamulo a udotolo amati wogwidwa ali ndi ufulu wofanana ndi wodwala wina aliyense. Ayenera kuvomera asadayezedwe, ndipo angathe kukana. Dotolo amayenera kumuuza poyambirira kuti si zonse zimene zingasungidwe mwachinsinsi.

Kwa sajeni, dotolo amangonena zofunika pa kasungidwe: azidzutsidwa kangati, amwe mankhwala ati nthawi yanji, zizindikiro ziti zikaoneka aitane ambulansi. Mbiri yonse ya matenda a munthuyo si ya apolisi. Ndipo apolisi akafuna kuti munthu asechedwe m'malo obisika a thupi pofunafuna mankhwala, zimachitikira kumalo a chipatala, wochita ndi dotolo kapena namwino, mwini wake atavomera.

Chisamaliro sichithera pachitseko. Munthu amene watha masiku angapo osagwiritsa ntchito heroin akatuluka n'kubwerera pa mlingo wake wakale, angathe kufa tsiku lomwelo. Amene cocaine wamuthera m'thupi amagwa mphwayi kwambiri, ndipo manyazi a kugwidwa akaphatikizana ndi zimenezi, ena amaganiza zodzipha. N'chifukwa chake asadamutulutse amaunikanso za moyo wake, amamuchenjeza ndi kumulumikiza ndi magulu othandiza kusiya. Lipoti la Lord Bradley la mu 2009 lidalimbikitsa kuti kupolisi ndi kumabwalo kuzikhala azaumoyo ogwira ntchito imeneyi. Mu 2017 Dame Elish Angiolini adatulutsa lipoti lina lokhudza imfa za m'manja mwa apolisi, lokhala ndi mfundo 110 zofunika kukonza.

Nanga kuno kwathu?

Wina anganene kuti izi ndi za maiko olemera. Zoonadi, kuno mayina amene timawamva kwambiri ndi chamba ndi kachasu, ndipo si polisi iliyonse ingakhale ndi namwino wakewake. Koma thupi la munthu ndi limodzi. Bambo amene amalawirira kachasu m'mawa uliwonse akatsekeredwa Lachisanu madzulo, pofika Lamulungu ali pa chiopsezo chofanana ndi cha mnzake wa ku Manchester. Mnyamata amene chamba chamusokoneza mutu amafunika kuonedwa ndi achipatala, chifukwa malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi nawonso amabwebwetetsa.

Lamulo nalo lilipo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense wosungidwa asungidwe molemekeza umunthu wake, ndipo apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, boma ndilo lilipire. Gawo lomwelo limati wogwidwa akaonekere kubwalo pasanathe maola 48, ngakhale kuti nthawiyo ikathera pa tsiku limene mabwalo sagwira ntchito, amadikira tsiku lotsatira la ntchito. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, omwe adakonzedwanso mu 2015 n'kupatsidwa dzina la Nelson Mandela, amatinso womangidwa alandire chisamaliro chofanana ndi cha anthu a kunja, ndipo amatchula mwachindunji zoyang'ana zizindikiro za chibaba cha mowa ndi mankhwala.

Zambiri mwa zimene zimapulumutsa moyo sizilira ndalama. Kudzutsa munthu mphindi 30 zilizonse, kumufunsa dzina lake, kumugoneka cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe, zonsezi wapolisi aliyense angathe, ngakhalenso anzake a m'chitokosi.

Nanu abale muli ndi gawo lanu. Wanu akagwidwa, musangonyamula nsima ndi bulangete. Uzani wapolisi woyang'anira ngati amamwa mowa tsiku lililonse, ngati adagwapo atasiya mowa, kapena ngati adamenyedwa m'mutu asadafike kupolisiko. Ngati amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga, a TB kapena a matenda a m'maganizo, pitani nawo m'botolo lake pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Mukamupeza akunjenjemera, akubwebweta, akusanza kosalekeza kapena sakudzuka mukamuitana, pemphani mwaulemu koma molimba mtima kuti apite naye kuchipatala, ndipo lembani nthawi imene mwapemphayo.

Kwa amene muli ndi ana ku Britain, adziwitseni kuti akagwidwa ali ndi ufulu wopempha wachipatala, loya waulere, kuti m'bale adziwitsidwe, komanso kuti ofesi ya kazembe wa dziko lawo iuzidwe. Asabise zimene amwa poopa mlandu. Dotolo amene wanamizidwa angathe kupereka mankhwala olakwika.

Manyazi ndiwo amatseka pakamwa mabanja ambiri. Palibe kholo limafuna kuvomera pagulu kuti mwana wake ndi chidakwa kapena amasuta. Koma mlandu uli ndi tsiku lake ndiponso woweruza wake, ndipo kuti munthu akayankhe mlanduwo, ayenera kufika kubwaloko ali moyo.